Thanthwe la pansi pa mkuyu wa a Gray

Aliyense wa ku Kadewere ankadziwa kuti a Gray Namakhwa ndi amtima wapachala. Chinangwa chikachedwa kupsa ankachidya chachiwisi. Makolo awo anachokera kwa Apwitikizi ndi mitolo pamutu, nakakhala pa esiteti ina ya fodya. A Gray anakulira komweko akugwira thangata, ndipo anachokako tsiku limene analanda ndodo ya kapitawo ndi kuithyolera pabondo anthu onse akuona.

Anakakhala chikamwini kwa a Yunis, mayi wofatsa wosachulutsa mawu, amene ankapemphera ku Baptist ku Mbombwe. A Gray nawonso anabatizidwa, koma alamu awo a Chester, mlongo wa a Yunis, ankakonda kunena kuti madziwo anatsuka zonse kupatula ukali.

M'mudzimo vuto linali madzi. Ikafika nyengo yotentha, amayi ankayenda mtunda wautali kukafukula mchenga wa kumtsinje. Chaka china a Yunis ali ndi pakati anaterereka panjira, mtsuko n'kusweka, ndipo mwana anabadwa masiku asanakwane. Kanali kamtsikana kochepetsetsa, koma kanakhala ndi moyo, ndipo anakatcha Nester. A Gray anaimirira pabwalo maso ali psuu.

"Mvula isanagwe, madzi muzitunga kuseri kwa nyumba yanga! Mwamva?"

Kuseriko kunali mkuyu wosayoyola masamba ngakhale dzuwa liswe mtengo. Iwo anati mizu yake ikumwa penapake, nayamba kukumba. Dothi linkachita kuuluka! Ana ankabwera kudzaonerera munthu akumira pansi, choyamba mawondo, kenako chiuno, kenako mutu womwe. Ndiye m'mawa wina piki inangoti ngwee, moto thethethe. Thanthwe.

Analimenya mpaka piki inathyoka. Anabwereka mgwala, nawonso unapindika. Mvula inabwera, dzenje linadzaza matope, ndipo a Chester anapeza nkhani yocheza nayo. "Mkamwini wathu ndi woganiza bwino," ankatero, "wayambiratu kukumba manda ake kuti tisadzavutike."

Chilimwe chotsatira a Gray anachotsa matope onse, n'kupita ku Mbulumbuzi kwa a Twaha, wosula zitsulo wachiyao, kuti akawongole mgwalawo. A Twaha anawauza kuti mwala umagonja ukasonkhapo moto waukulu kenako n'kuthira madzi ozizira. Anayesa, ndipo zinathekadi, koma chimene chinkasweka chinali kachibanthu kosaposa chikhatho. Madzi othirawo ankatungidwanso ndi a Yunis, kutali komwe kuja. Nester anakwawa, anayenda, anayamba kulankhula, thanthwe lidakali pomwepo. Tsiku lina a Gray anaponya mgwala patchire, nanyamuka kupita ku Limbe kukagwira ntchito yonyamula katundu, osatsanzika bwino n'komwe.

Atabwerako patapita dzinja lathunthu, anazungulira kuseri kuti akaone mmene dzenje lakwiririkira. Anapeza layalidwa mitengo yopingasa, pamwamba pofoleredwa udzu, m'mbali mokumbidwa ngalande yopatutsa madzi a mvula. Mgwala unali wotsamira pa mkuyu.

"Wachita izi ndani?"

"Ndine," anatero a Yunis, akusola nandolo. "Ndinati mwina mwini wake adzabwera."

"Mayi a Nester, ine ndapemphera mpaka kutopa. Mulungu sakundimva."

"Akukumvani. Koma inu mumapemphera ngati Mulunguyo ndi mwana woti mumutume. Nandoloyu ndinadzala limodzi ndi chimanga. Chimanga tinakolola kalekale, iyeyu ndi uyu ndikusola leroyu. Ndikanamuzula chifukwa chochedwa, bwenzi mukudyera chiyani?"

A Gray anafuna kupsa mtima, koma anangoseka, kuseka kwambiri mpaka kukhala pansi.

Kuyambira pamenepo anasintha kagwiridwe. M'mawa ankapita kumunda ngati wina aliyense. Akaweruka ankagwada pamphepete pa dzenje, n'kupempha mphamvu za tsiku lokhalo, kenako n'kutsika. Kachibanthu kakasweka ankatuluka nako akuimba, n'kukaika pamulu. Muluwo unakula mpaka anamangira miyala yake m'mbali mwa dzenje kuti lisagumuke. Ukali sunathe tsiku limodzi ayi. Nthawi zina ankamveka akulikalipira thanthwe pansipo ngati munthu, koma kunyumba mbale zinasiya kuuluka, ndipo kutchalitchi anayamba kuwatuma kukayanjanitsa mabanja okangana.

Nester anali atayamba sukulu pamene tsikulo linafika. Kunkatentha koopsa, nyenje zikulira. A Gray analowetsa mgwala mumng'alu wina n'kutsamira ndi thupi lonse. Mwala waukulu unasuntha, ndipo kunatuluka fungo ngati la mvula yoyamba. Anapisa dzanja. Matope! Anapisanso, ndipo madzi ozizira anayamba kukwera pakati pa zala zawo, kuphimba mapazi, kufika mu akakolo.

"Mayi a Nester! Mayi a Nesteeer! Bweretsani chikho!"

A Yunis anaganiza kuti mwala wawagwera amuna awo. Anathamanga mpango uli m'manja, nasuzumira, n'kuona dzuwa likunyezimira pansi pa dzenje, a Gray akuvina m'matope, akulira, akuseka, akudzithira madzi kumutu. Mayi wofatsa uja anaimba nthungululu imene mudzi unali usanamvepo. Amayi anasiya mitondo, abambo anataya makasu, ana anatulukira mbali zonse, agalu akuuwa osadziwa chimene chachitika. Ndowa yoyamba inatuluka ndi madzi ofiira ngati thobwa, koma palibe anadikira kuti adikhe. Aliyense ankafuna kulawa. Wina anayambitsa nyimbo yotamanda Mulungu, ndipo onse anailandira, Akatolika a ku Nguludi amene ankangodutsa panjira nawonso n'kulowa m'gulumo.

A Chester anafika mochedwa, wefuwefu. Anamwa chikho chathunthu, napukuta pakamwa, nayang'ana pansi.

"Alamu, tulukani m'mandamo tikunyamuleni!"

Anawanyamuladi pamapewa, matope ali thupi lonse, kuzungulira nawo mudzi wonse. Lamulungu lotsatira a Gray anapita ku Mbombwe ndi botolo la madziwo. Atapemphedwa kuti alankhule, munthu amene kale sankasowa mawu anangolikweza m'mwamba, nati, "Ine ndinkafuna chaka chomwecho. Mulungu anayamba wakumba ine."

M'chaka cha 1949 mvula inadula, chimanga chinauma chisanamasule, ndipo njala inavuta dziko lonse. Chitsimecho chinaphwera kwambiri koma sichinaume. Anthu ankachokera midzi yakutali, ndipo madzi ankatuluka pang'onopang'ono moti mikangano inkabuka pamzere. A Gray ankakhala pa mkuyu paja akugawa ndi chikho, n'kumauza okangana kuti akhale pansi, madzi akubwera. Madzi otsala ankathirira kadimba ka mbatata ndi maungu, kamene kanadyetsa banja lawo ndi ana angapo a anansi.

Njala itatha, a Rafaeli a kufupi ndi Nguludi anadzawapempha kuti akawakumbire chitsime chawo. Anakumba chilimwe chonse, koma anangopeza dothi louma lokhalokha. A Rafaeli anagwa mphwayi, nati basi zileke. A Gray, imvi zitayamba kale, anatuluka m'dzenjemo, nasasa fumbi, naloza kumunsi kumene kunali bango lobiriwira.

"Apa talakwitsa, achimwene. Tikakolola tidzayese apo. Mgwalawu ndiusiya konkuno."