Tiyi amene a Mirza ankasiya osamwa

Ndinazimva pa uvuni, tikudikira buledi kuti apse. Mnzathu Fahriye ankanong'oneza mpongozi wake kuti a Mirza apeza mkazi wachiwiri kuphiri. Ati Lachisanu lililonse akumameta ndevu, kumanga lamba watsopano, n'kukwera basi ya m'mawa. Ine ndinati mwina, pajatu amuna sadziwika. Koma a Mirza? Munthu woti wakalamba akununkha nkhosa kuseri kwa khoma langali?

Iwowa anabadwira kuphiri komweko, ngati makolo athu tonse. Asilikali atabwera kudzatsitsa fuko lathu kuphiriko anali ndi zaka khumi ndi ziwiri, ndipo anakwera lole atabisa kamwana ka nkhosa m'malaya. Ena anapita ku Izmir, ena ku Jeremani, kuno kuchigwa tinatsala nyumba makumi awiri ndi zitatu basi. Anzawo onse analowa ntchito yomanga. Iwo anakakamira nkhosa, kumazidyetsa m'mbali mwa msewu ndi m'minda mokololedwa tirigu. Chaka chino udzu wauma msanga, nkhosazo nthiti zili pamtunda.

Masana ndinapita kwa akazi awo, a Behiye, ngati ndikukabwereka sefa.

"Sefa muli nayo inu," anatero. "Funsani zimene mwadzera."

Ndinafunsa. Anaseka mpaka kukhala pansi.

"Mkazi wachiwiri? Abwere naye, azidzandithandiza kukama! Ayi anzanga, akumapita kwa Haji Resul."

Msipu wa makolo athu kuphiri kuja, a boma atatsegulanso njira, amene anaulowa ndi anthu a mudzi wina, ndipo wamkulu wawo ndi Haji Resul ameneyo. A Mirza akupempha kuti nkhosa zawo zikadye kumeneko nyengo yotenthayi. Mwambo mukuudziwa: wobwera ndi pempho sakhudza tiyi mpaka mwini nyumba atavomera. Maulendo atatu tsopano, tiyi amaikidwa, amazizira, iwo n'kutsanzika mwaulemu.

"A Haji akakana sabata ino, zonse zipita kwa opha nyama," anatero a Behiye, kuseka kutatha. "Ndiye bambo awa adzadzuka m'mawa kukatani?"

M'mawa mwake, Lachinayi, ndikuyanika zovala, galimoto yafumbi inaima pakhomo pawo. Munatsika nkhalamba yaifupi ya ndodo. Ine ndinapitiriza kuyanika chinsalu chimodzimodzi chomwecho.

"Iwe Mirza!" inakuwa isanalowe n'komwe. "Wandichititsa manyazi mokwanira. Mayi akunyumba akuti akadzatayanso tiyi wa mlendo, andisiya. Mudzi wonse ukundiloza chala."

"Tiyi wanu ndi wabwino, a Haji. Ndimangomununkhiza."

"Mutu ngati mwala, ngati bambo ako! Ndikuwakumbuka, anandithamangitsapo pakasupe paja ndili mwana." Anagogoda ndodo pansi. "Tamvera. Kasupe wakumtunda ndi wathu. Wakumunsi, pafupi ndi manda a kwanu, tenga. Nkhosa yako ikawoloka mtsinje, ndiiwotcha ndekha."

"Mudzandisungireko mwendo."

"Ndipo mawa usabwere. Ubwere Lolemba, ndi nkhosa."

A Mirza anagwira dzanja la nkhalambayo kuti alipsompsone, iyo n'kulikoka ikung'ung'udza. Kenako anangolowera kukhola, mlendo ali chiimire. A Behiye ndiwo anamukhazika pansi, n'kutembenukira kukhoma kwanga.

"Inu, chinsalucho chauma kale! Bwerani ndi singano yaikulu ija. Hema wa apongozi anga, woti tikagonemo kuphiri, wadyedwa ndi njenjete, ndipo tili ndi masiku anayi."