Imelo Imene Ndinatumizira Alamu

Lolemba lapitali, dzuwa likuwotcha monga limachitira kuno ku Tete, foni yanga inalira ndili pamzere wodikira chapa, minibasi yathu ija. Inali imelo yochokera ku banku. Chizindikiro chake chomwe chija, mitundu yomwe ija, Chipwitikizi chosalala ngati cha pawailesi. Inati akukonza makina, ndipo aliyense amene satsimikizira konta yake lisanafike Lachitatu amutsekera.

Ine sindinadine pamene ankati ndidinepo. Musafulumire kundiyamikira, sizinali nzeru ayi. Chapa inafika, anthu n'kuyamba kukankhana, ndiye ndinati ndichita mawa. Koma ndisanabweze foni m'thumba ndinakumbukira alamu anga a Zakeyu, amuna a mlongo wanga Esitere, amene amayendetsa lole ya malasha ku Moatize. Banku yathu ndi imodzi. Ndinawatumizira imelo ija, n'kuwonjezerapo mawu angaanga: "Alamu, chitani msanga asanakutsekereni."

Ndinakwera chapa ndikudziona ngati munthu wabwino.

Lachitatu m'mawa Esitere anandiimbira. Analibe ndi moni yemwe. "Achimwene, bwerani ku Matundo."

Ndinawapeza alamu atakhala pakhomo la nyumba imene akumanga. Makoma anatha kale, koma denga palibe. Ndalama za malata ankasunga pang'onopang'ono kuti mvula isanayambe atuluke m'nyumba ya eni ake. M'mawa umenewo anapita kukatapa, n'kupeza mukonta muli mbee.

"Anakufunsani chiyani?" ndinawafunsa.

"Nambala ya pakartau yotapira ndalama. Kenako senya, nambala yachinsinsi ija. Kenako pafoni panabwera manambala ena, akuti ndiwalembenso. Ndinalemba."

"Simunakayikire?"

Funso limeneli ndikanatha kulimeza, ndikanalimeza. Alamu anandiyang'ana mofatsa, opanda mkwiyo n'komwe.

"Ndikayikire chiyani, alamu? Ine sindinaone dzina la banku. Ndinaona lanu."

Akanandilalatira zikanandipepukira. Esitere ankachapa zovala za ana chapafupi, ndipo nthawi yonseyo sanadzutse mutu.

Tinawoloka mlatho limodzi kupita ku banku. Mayi amene anatithandiza anatseka kartau ija, analemba dandaulo, koma sanalonjeze kuti ndalama zibwerera. Kenako anapempha foni yanga, nadina padzina la wotumiza. Pansi pake panatuluka adiresi yachilendo, zilembo ndi manambala osakanikirana, yosagwirizana ndi banku ngakhale pang'ono. Anationetsanso kuti imeloyo sinatchule dzina langa paliponse, inangoti "wokondedwa kliyente", ndiye kuti kasitomala.

"Senya yanu ife sitiifunsa, kaya pa imelo kaya pafoni," anatero. "Ngakhale ine ndakhala panoyu sindiyenera kuidziwa. Mukaona akukuthamangitsani kuti chitani lero lomwe, imani. Bwerani kuno, kapena imbani nambala ili kumbuyo kwa kartau."

Zonsezi zinali pafoni yanga kuyambira Lolemba. Zinangofuna kuti ndiyang'ane.

Tsono abale anga, tiyeni tikambirane zathu. Ndi angati a ife amene timatumiza uthenga kwa ena tisanauwerenge mpaka kumapeto? Ukangolembedwa kuti "chenjezo", chala chayamba kale kuyabwa. Timati tikuthandiza. Koma wakuba uja alamu anga sakuwadziwa, ndipo akanawalembera yekha mwina akanakayikira. Anafuna munthu amene alamu amamukhulupirira kuti amufikitse pakhomo. Ntchitoyo ndinamugwirira ine, kwaulere.

Ndipo ife amene kubanja amatitcha ophunzira ndiye oopsa kwambiri. Ife tikatumiza chinthu, amayi kumudzi ku Angónia safunsanso. Amangoti mwana wanena.

Ndinawauza alamu kuti malata tigula tonse. Anangoti, "Tidzakambirana." Mpaka lero sindikudziwa ngati anavomera kapena ankangondichotsa pamaso.

Chinandilemera kwambiri chinali kulemba pagulu la banja lathu pa foni. Ndinalemba n'kufufuta, kulembanso n'kufufutanso. Potsiriza ndinangonena mmene zinalili: kuti imelo ija inali ya akuba, kuti ndinaitumiza ndine osaifufuza, ndipo aliyense amene waona yofanana nayo asadine kalikonse.

Pagulupo palibe anayankha. Koma pasanapite nthawi foni inalira. Anali azakhali anga a ku Degue, akulankhula motsitsa mawu ngati pali wina akumvetsera.

"Mwanawe, zimenezi ineyo zinandichitikira chaka chatha. Yanga inabweranso chimodzimodzi."

"Azakhali, bwanji simunatiuze?"

"Ndikanayambira pati? Mukanati ndakalamba, mutu wasiya kugwira."

Chaka chonse anakhala nacho mumtima. Tinkadya nawo pamaukwati, tinkakhala nawo pamaliro, iwo ali duu. Akanatiuza, ine ndikanaizindikira imelo ija. Sindikuwaimba mlandu, chifukwa nanenso uthenga wanga uja ndinatsala pang'ono kusautumiza.

Wakuba amatibera, ife n'kumusungira chinsinsi. Kodi manyazi athuwa akuteteza ndani?