Chiuno cha Diresi la Mng'ono Wanga

Ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina ya amwenye ku Chipata, ndipo madiresi onse a mng'ono wanga ankadutsa pa makina anga. N'chifukwa chake ndinayamba kuona ndine. Atakwatiwa ndi mnyamata wolemba mapepala a mathiraki ku boda ya Mwami, mikono ndi miyendo yake inakhala momwemo, koma tepi ikafika pamimba inkangopitirira. Diresi lililonse ndinkalikulitsa m'chiuno mokha.

Kuchimuna kunali chimwemwe. Apongozi ake ankayenda naye pa ukwati uliwonse ngati ng'ombe ya pachionetsero, kuuza anthu kuti aone mmene mwana wawo amasamalira mkazi.

Kenako khosi lake linada kumbuyoku, m'khwapa momwemonso, ngati wapaka mwaye. Apongozi aja anati ndi litsiro. Munthu wamkulu, mayi wa ana awiri, apongoziwo anamuitanira azakhali kuti amulangize kasambidwe. Mng'ono wanga anadzikwecha ndi mwala mpaka khosi linatuluka magazi. Ndikakumbukira zimenezo ndimapsa mtima mpaka lero.

Zilonda za pakhosizo ndi zimene zinatifikitsa kuchipatala. Namwino anayang'ana khosi, n'kumuyeza m'chiuno ndi tepi yonga yangayi, kenako BP ndi magazi. Anatiuza kuti matenda a shuga sanafike, koma ali pakhomo. Anati mafuta a m'mimba sali ngati a m'ntchafu ongokhala phee. Akachuluka amayamba kuthira zoipa m'magazi, thupi n'kumalephera kugwiritsa ntchito shuga, ndipo kuda kwa khosi ndi chenjezo lake. Nthawi yobweza zinthu inalipo, bola achepetse zotsekemera ndi zokazinga, aziyenda pansi.

Mng'ono wanga anamvera. Anasiya kukwera njinga za kabaza, n'kumabwera kwanga wapansi, thukuta lili kamukamu, akudandaula za tiyi wopanda shuga. Mvula itatha ndinachita zimene ndinali ndisanachitepo: ndinabweza chiuno cha diresi lake, lija la chitenje limene anavala ku mwambo wa Ncwala ku Mtenguleni. Khosi nalo linayamba kuyera.

Apa m'pamene pakamwa pa anthu panatseguka. Kutchalitchi ankamuyang'ana m'mapewa n'kumufunsa motsitsa mawu ngati wayamba kumwa mankhwala. Kwathu kuno aliyense amadziwa matenda amene munthu akutanthauza akafunsa choncho. Ku boda anzawo a alamu anga anayamba kuwayang'ana iwonso mokayikira. Apongozi anachoka kumudzi n'kudzakhala nawo m'tauni kuti aziphika okha.

Ndinapita kukawafotokozera zimene namwino ananena. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti ine, wouma ngati nsungwi, wopandanso mwamuna, chikundivuta ndi nsanje. Alamu anga anali pomwepo, maso ali pa foni. Munthu wodziwa kukangana ndi madalaivala tsiku lonse uja anangopitiriza kuseweretsa foniyo.

Sipanapite nthawi, mng'ono wanga anabwera ndi diresi lija m'pulasitiki.

"Asisi, mulikulitsenso."

Ndinamukalipira pamaso pa makasitomala, mpaka mwini sitolo anasuzumira. Mng'ono wanga anangoima, kudikira kuti ndimalize.

"Inu mukatha kulankhula mumapita kwanu," anatero. "Ine ndimadya nawo, akundiyang'ana m'mbale. Shugayo adzabwera tsiku lake, koma ukwati ukutha lero."

Ndinamasula ulusi umene ndinasoka ndekha.

Matenda a shuga aja anafikadi, BP nayonso inakwera. Tsopano mapazi ake amachita dzanzi, ndipo sangathenso kulowetsa ulusi m'singano, iye amene ankandilowetsera ine. Posachedwapa anamugoneka m'chipatala chifukwa cha chilonda cha pachala chakuphazi chimene chikukana kupola, ndipo madokotala ayamba kunena zodula.

Nditapita kukamuona ndinapeza apongozi aja atakhala pambali pa bedi, atabweretsa mandasi ndi botolo lalikulu la chakumwa chotsekemera. Anandilonjera mwansangala ngati sitinayambanepo, n'kumusisita mng'ono wanga pamimba.

"Tiyamike Mulungu," anatero, "thupi lokha silinatsike."