Mkaka sunatsuke chifuwa chanu, Ababa

Ababa, patha chaka chitisiyireni. Lero ndadutsa pomwe munkakhomera mabwato ku Nkope, fungo la utuchi landigwetsa misozi. Ndakumbukira tsiku lija ndinakugulirani chophimba pamphuno, inu n'kuchipachika pamsomali. Munati, "Mwanangu, mmisiri amangomwa mkaka, fumbi lonse limatsukika m'chifuwa." Ine ndinaseka nanu m'malo mokukakamizani. Kuseka kumeneko kukundidya mpaka lero.

Thabwa la bawo lomwe munkasema kuti muzidzasewera mukadzapuma ntchito lili kunsi kwa bedi, maenje anayi osamaliza. Kulitaya sindingathe, kuliyang'ana sindingathenso. Amayi sakufunanso kuona mkaka m'nyumba muno. Chophimba chija chikadali pamsomali pomwepo, Ababa, chatsopano. Mwatha ndinu.