Njuchi Zanga Zamulandira Mlendo, Ife Talephera

Sabata ino ndinali ndi ntchito yofuna dzanja lodekha. Mng'oma wanga waukulu, uja wa mumkuyu kunja kwa linga, unaswa mfumukazi yatsopano, namwali weniweni woti sanaulukepo kukakumana ndi amuna. Ndinafuna kuipatsa mudzi wakewake. Ndinakonza kamng'oma ka khungwa kotalika ngati mkono, n'kuikamo zisa pang'ono ndi njuchi zodzaza chikho zochokera mumng'oma wina.

Inu amene mumangodziwa kunyambita uchi, tamverani. Mfumukazi yachilendo saiponya pakati pa njuchi ngati mwala. Zikangomva fungo losalidziwa zimaiunjikira, n'kuipanikiza mpaka kufa. Ndiye umailowetsa m'kabango ka timabowo, kukamwa kwake n'kumatako phula losakaniza ndi uchi. Njuchi zimadya phulalo pang'onopang'ono, ndipo pofika poti zabowola, fungo lake ndi lazo limakhala litasanduka limodzi.

Wondigwirira utsi anali NyaLongwe, mwana wa malemu mlongo wanga. Ankhondo a kumapiri anamutenga ali kamwana, chaka chija tinathawira muno m'linga. Wabwera mwezi wathawu, atathawa yekhayekha, mapazi ali magazi okhaokha, makutu obowoledwa monga amachitira kumeneko.

Anayang'anitsitsa kabango kaja. "Asibweni," anatero, "ndiye kuti njuchi zimadikira?"

Ndinangoseka.

Pajatu ife sitinadikire. Tsiku loyamba lenilenilo kunabwera mayi wa mnyamata amene makolo anapangana kalekale kuti adzamukwatira. Anabwera ndi mbale ya usipa, n'kumuikira kutsogolo anthu onse akuonerera. Mwana woti wakulira kumene nsomba amaziyesa njoka za m'madzi! Anayesetsa ndithu, anatafuna misozi ili chuchuchu, kenaka anathamangira kuseri kwa nyumba kukasanza.

"Si wathunso uyu," anatero mayi uja. "Akununkha mkaka wowawasa."

Ukwati unafera pamphasa pomwepo.

Kuyambira apo, akapita kokaviika chinangwa azimayi amasuntha madengu awo. Akalankhula, ana amamuyeserera lilime lake la kumapiri. Mbale yake amaitsuka payokha ngati ya wakhate. Ine ndinakalipa mpaka mawu kusasa, koma kodi mwamuna mmodzi angapezeke paliponse pamene azimayi akusinja ndi kutunga madzi?

Ndipo si iye yekha ayi. Muno m'Chintheche ndani alibe wake amene anatengedwa? Timawalira, timatchula mayina awo pothira nsembe, enanu masiku ano mumakawapempherera ku Bandawe belu likalira. Koma akangotulukira pachipata ali amoyo, timayamba ndi kuwayang'ana makutu. Kodi anadzibowola okha? Kodi anachita kusankha chakudya chimene chinawasunga ndi moyo? Timafuna abwere ali ana omwe aja tinataya, ngati kuti zaka zonsezi tinangowasunga m'nkhokwe. Aa, abale, tizichitako manyazi!

Lachinayi ndinakasuzumira m'kamng'oma kaja. Phula linali litadyedwa, mfumukazi ikuyenda pazisa, njuchi zikuinyambita. Munthu wamkulu ine ndinathamanga kuti ndikamuuze NyaLongwe. Ndinapeza mphasa yake yopindidwa bwinobwino, mtsuko wodzaza madzi, pakhomo posesedwa.

Amene anandiuza kuti NyaLongwe wachoka ndi mayi wina wochokera kumunda. Anakumana naye panjira yokwera kumapiri, n'kumugwira mkono. "Mwanawe, ukubwerera kwa anthu amene anakuba?"

Akuti iye anayankha osakweza mawu. "Kumeneko amanditcha kapolo, amayi. Koma timadyera mbale imodzi."

Ndinaitsata njirayo mpaka pamene munthu wa kunyanja angafike n'kubwerako wamoyo. Ndinaitana mpaka kutopa, koma sindinamupeze. Mtima ukundipweteka, ndipo sindibisa: ndalira ngati mwana. Mlongo wanga anamwalira maso ali kunjira imeneyo, ndipo mawu ake omaliza anali akuti mwanayo akadzabwera ndidzamusunge.

Ulendo woyamba anachita kumutenga ndi mikondo, ndipo tinali nawo owaloza chala. Nanga ulendo uno tiloza yani?