Mbalame Imene Ndinaiwamba

Amuna anga anali alangizi a zaulimi, koma mtima wawo unali pa mbalame. Boma litatitumiza ku Mwanza, anzawo akaweruka ankapita kukamwa, iwo n'kutenga kope ndi pensulo ulendo wa kudambo. Anthu ankawaseka, ndipo wotsogolera kuseka ndinali ine. "Bambo, kodi mbalame zanuzi zidzatiikira liti mazira?" Ankangomwetulira.

Chaka china mu Febuluwale kunawomba chimphepo chochokera ku Mozambiki, mvula masiku atatu osakata. Itakata, tinapeza mbalame yachilendo ili kwala m'munda wa mtedza. Msana wakuda bii, pamimba ndi pamphumi poyera mbee, mchira wa mphanda ngati wa namzeze, koma mapazi a bakha. Amuna anga anainyamula mosamala. Anati imeneyi kwawo ndi kunyanja yamchere, kumapiri kuno inangokankhidwa ndi mphepo. Gaga inakana. Matemba onyika inameza awiri, koma dzuwa lisanalowe inali itafa.

Kutacha anapalasa njinga mpaka pa boma, khadi la chipani m'thumba, kukaimba foni ku bungwe la okonda mbalame ku Blantyre. Kumeneko anati mawu okha sakwanira, aisunge, kubwera munthu kudzaiona ndi maso ake. Akatsimikiza, dzina la amuna anga lilowa m'buku. Anabwerako akuimba likhweru, ndipo ndinaona kuti kusekedwa kuja kunkawapweteka kuposa mmene ndinkaganizira.

Tsoka lake, msewu unali utaduka, mlendoyo n'kuchedwa. Amuna anga nawonso anatumidwa kwa Kanduku sabata yathunthu kukaona minda yokokoloka. Mbalame anaikulunga m'nyuzipepala. "Mayi, muisamale," anatero akukwera njinga.

Tsiku lachiwiri inayamba kafungo, ntchentche n'kusonkhana. Ine ndinaleredwa ndi mayi osataya nyama. Ndinaitumbula, kuithira mchere, n'kuiika pansanja pamwamba pa moto monga tichitira ndi nsomba. Nthenga sindinasosole, ndipo pamenepo ndinkadziona wanzeru zedi. Nkhuni zinali zonyowa, utsi unali tolo sabata yonse. Safunsa anadya phula.

Mlendoyo, mzungu wa imvi, anafika pa galimoto atawatenga amuna anga pa boma. Anatulutsa buku ndi rula. Ine ndinabwera nayo mbalame pa lichero, kunyada kuli tho. Koma panja powala m'pamene ndinaiona bwino: yonse inali yofiirira ngati fodya wouma, kuyera kuja kulibe.

Mzunguyo anaitembenuza, kuiyeza mlomo, kupukuta pamphumi ndi thonje. Kenako anafotokoza m'Chichewa chake chopindika kuti pali mitundu iwiri yofanana kwambiri, ndipo imasiyana pa kuda kwa msana ndi pamene kuyera kwa pamphumi kumalekezera. Utsi unali utafafaniza zonsezo.

"Anaiika pa utsi ndani?" anafunsa mzunguyo.

Ndinali nditagwada pakhomo.

"Ndine, bwana," anatero amuna anga. "Ndinasowa njira ina."

Kalata ya bungwe lija inabwera nthawi ya manachesi. Inati akuthokoza, koma nkhaniyo sinatsimikizike. Amuna anga anaipinda n'kuiika m'kope muja. Anzawo anapeza poyambira: ati alangizi anawambira mzungu nkhunda.

Kuyambira pamenepo, chimphepo chikawomba, m'mawa mwake tinkayenda limodzi m'minda, iwo mzere uwu, ine mzere uwo. Masiku amenewo ndimawasowa koopsa, matope ndi mame omwe. Ina sitinaipezenso.

Zaka zonsezo ndinali nditakonzeratu yankho, kudikira tsiku limene tidzakangane iwo n'kundikumbutsa za mbalameyo. Tinakangana kambirimbiri, za ana, za abale, ngakhale za mchere wa m'ndiwo. Anamwalira osaitchula, ndipo yankho langa lija ndikadali nalo.