Tsache la Kwa Eni Ake

Mayi anga anali ndi lamulo limodzi losakambirana: mwana wamkazi akagona kwa eni ake, dzuwa lisamupeze pamphasa. Adzuke, afune tsache, asese. Lamulo limeneli ndinalinyamula pamodzi ndi zitenje zanga mpaka ku Gaborone, kumene ndinapita kukaphunzira za makompyuta. Nthawi imeneyo n'kuti pakati pa mzindawo akungokumba ndi kumanga, fumbi lili koboo.

Miyezi yoyamba inandiwawa. Kuhositelo anzanga ankacheza m'Chitswana, ine n'kumaseka nawo mochedwa osadziwa kuti mwina akuseka ine. Ndinkadziwa "dumela", moni, ndi "ke a leboga", zikomo, basi. Mawu achitatu ndinawaphunzira popanda mphunzitsi, "makwerekwere", dzina lonyoza limene ankatitchula nalo ife obwera. Choncho mtsikana wina wa m'kalasi mwathu atandiitana kuti ndikagone kwawo Loweruka, ndinakondwa mopusa. Ndinachita kusita diresi.

Kwawoko kunali nyumba ya mpanda, geti loyenda lokha, agalu onenepa kuposa ine. Ndinagwada popereka moni kwa mayi ake, iwo anaseka, nanena kuti ana oterewa anatha kalekale. M'mawa ndinadzuka onse ali m'tulo, ndinapeza tsache kuseri kwa khitchini, ndiyeno ndinayamba kusesa uku ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi.

"Iwe, ndiwe wa kuti?"

Ndinatembenuka. Anali mayi wachikulire, wochepa thupi, atavala yunifomu ya antchito a m'nyumba. Chichewa chimene ndinachimvacho chinandigwetsa misozi. Anali a ku Dedza, ndipo anali atagwira ntchito panyumbapo kuyambira mnzangayo ali kupulayimale. Titapatsana moni anandiuza kuti ndibwezere tsachelo pamene ndinalipeza.

Apa m'pamene ndinasochera. Kwathu mwini khomo amati "siyani, ndinu alendo", mlendo n'kuumirira, onse awiri n'kusangalala. Ine ndinayesa ndi mwambo womwewo. Ndinaseka, ndinati amayi pumulani lero, ndipo ndinasesa bwalo lonse mpaka kugeti. Ndinatsukanso mbale, n'kukolopa khonde. Mayi a mnzanga atadzuka anayenda pakhondepo akuyang'ana pansi ngati munthu wogula mbuzi.

Loweruka lotsatira mnzangayo anandiitananso. Ndili pasinki, mayi a ku Dedza aja anatseka chitseko cha khitchini n'kundiuza mosazungulira. Mapepala awo okhalira m'dzikomo anali atatha kalekale. Ana awo kumudzi ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha ntchito imeneyi, ndipo munthu wa msinkhu wawo akachotsedwa sangaipezenso ina. Adona, mayi a mnzanga aja, anali atayamba kale kuwafunsa chifukwa chake ntchito ya tsiku lonse mwana wa sukulu amaimaliza tiyi asanapse.

"Mwana wanga, iwe ukusesa ulemu. Ine ndikusesa ana anga. Usandiphe."

Ndinasiya pomwepo. Tsiku lotsatira ndinakhala m'chipinda mpaka dzuwa litakwera, thupi lonse likundiyabwa ndi manyazi. Koma madzi anali atatayika kale. Adona anagogoda okha, nafunsa ngati ndadwala, nandipatsira mulu wa malaya a amuna awo kuti ndisite, ati ndimasita mwaukhondo. Munthu wamkulu, ukudya zake, ukugona pabedi lake, umamukana bwanji? Palibe anandiphunzitsapo zimenezo. Ndinalandira malayawo ndi manja awiri.

Ndinayesa kuzemba. Ndinkanama kuti ndili ndi mayeso, mwina mutu. Mnzangayo ankangobwera ndi galimoto n'kuima pageti la hositelo, ati amayi akukusowa. Tikafika ankanditula ngati thumba la chimanga, iye n'kupitirira kukacheza ndi anzake enieni. M'kalasi ankandipatsa moni wa chibwano. Ndinachedwa kuzindikira kuti sindinali mnzake, ndinali chinthu chimene anatolera mayi ake. Mpaka lero ndikakumbukira mmene ndinasitira diresi lija ndimapsa mtima.

Chaka chikupita kumapeto anatiuza kuti hositelo itsekedwa pa tchuthi ndipo aliyense atuluke. Amene ankandilipirira sukulu sankapereka ulendo wa kwathu mpaka nditamaliza maphunziro. Ndinalibe kolowera, ndipo ndinalakwitsa kumuuza mnzangayo.

Loweruka lina masana adona anandiitanira pabalaza. Anandikhazika pampando wofewa, ulendo woyamba. Mayi a ku Dedza anabweretsa tiyi, ndipo asanatuluke adona anayamba kulankhula ngati m'chipindamo mulibe munthu wina. Anati amva vuto langa ndipo Mulungu ndi wabwino. Kachipinda ka antchito ka kuseri kakhala kopanda munthu kuyambira mawa. Ndikhalamo ulere, ndidya ulere, ine n'kumangothandiza monga ndimachitira kale. Anawonjezera kuti Amalawi ali ndi manja abwino, kungoti akakalamba amayamba ulesi ndi matenda. Mayi aja anaika shuga patebulo mosamala kwambiri, natuluka.

Ndinafuna kuwathira tiyiyo kumaso. M'malo mwake ndinamva pakamwa panga pakutuluka "ke a leboga". Maleredwe ena ndi matenda.

M'mawa mwake ndinawapeza mayi a ku Dedza aja atalongedza kale. Zaka zonsezo zinakwana m'chikwama chimodzi cha pulasitiki cha mizeremizere ndi ndowa. Adona anachita kutsegula chikwamacho pageti kuti aone ngati mulibe masipuni awo. Ndinasenza ndowayo n'kuwaperekeza mayiwo kokwerera kombi, maminibasi a kumeneko. Ankapita ku White City, dera lina la mumzindamo, kwa mphwawo wosoka zovala amene ankagona ndi makina ake m'chipinda chimodzi. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo ine ndinkalira ngati wochotsedwayo ndine.

Tili poimapo ndinawauza kuti sindilowamo m'chipinda chimenecho, bola ndikagone pasiteshoni. Ndinkafuna andikalipire, kapena andikhululukire, chilichonse. Anangondiyang'ana motopa.

"Ukakana ukuganiza kuti andiitananso ine? By Monday alemba ka mtsikana kena ka ku Zimbabwe. Usapange za drama, ulibe kopita. Kalowe."

Kombi inafika, kondakitala akuitanira. Anakweza chikwama, nalandira ndowa m'manja mwanga. Phazi limodzi lili kale m'kati anatembenuka, natsitsa mawu kuti ena asamve.

"Loko wa chitsekocho sagwira, ndipo sadzakonza. Uzikankhira bedi kuchitseko usanagone. Adona akapita ku ma workshop, abwana amabwera kudzafunsa ngati uli bwino."

Kombi inanyamuka. Ndinaima pamenepo mpaka fumbi linatha, kenako ndinabwerera kunyumba ija, chifukwa kunalibe kwina.